Kugwira, kubisa ndi kuzunza anthu oganiziridwa zauchigawenga: mafunso ndi mayankho

Nkhani ya ndende ya America ya ku Guantanamo ndi ndende zachinsinsi za CIA, bungwe la akazitape la America, ikangobuka anthu amafunsa mafunso omwewomwewo, ena atakwiya ena akungofuna kumvetsa, nde tawaika pamodzi apa. Zambiri zikukhudza zomwe America inachita kuyambira 2001, koma Malawi nayenso alimo munkhaniyi ndipo sanalowemo mwaulemu.

Kodi rendition yomwe imatchulidwayi ndi chani kwenikweni?

Ndi kumutenga munthu m'dziko lina kukamusiya m'manja mwa dziko lina osadutsa kukhothi. Mwadongosolo lake dziko likafuna munthu yemwe ali kunja limapempha boma la kumeneko, nkhani imapita kukhothi, munthuyo amapeza loya wake nkumatsutsa, ndipo jaji ndi amene amagamula kuti atumizidwe kapena ayi. Zimachedwa inde, taonani mmene nkhani ya a Bushiri yakhala ikuyendera m'makhothi athu kuchokera 2020, koma njira yake ndi imeneyo.

Rendition imadumpha zonsezi. Munthu amangomugwira pamsewu, pabwalo la ndege kapena kunyumba usiku, ndipo omwe anapulumuka amafotokoza zofanana ngakhale sankadziwana: anthu ovala zakuda obisa nkhope, kumudula zovala ndi sizasi, kumuveka thewera, kumumanga maso ndi makutu, maunyolo m'manja ndi m'miyendo, kenako kumuponya mu kandege kakang'ono kosadziwika komwe kakupita. Abale ake sauzidwa kanthu. Loya palibe, mlandu wolembedwa palibe.

Zinayamba liti, ndipo zinakhudza anthu angati?

America inkachita kale zimenezi m'zaka za m'ma 1990, makamaka kutumiza anthu ku Egypt, koma zinali apo ndi apo. Zinakula pambuyo pa 11 September 2001 pomwe al-Qaeda inapha anthu pafupifupi 3,000 ku America. Pa 17 September chaka chomwecho pulezidenti George W. Bush anasayina chikalata chachinsinsi chopatsa CIA mphamvu zogwira ndi kusunga anthu, ntchito yomwe akazitapewa sankagwira kale.

Mu 2013 bungwe la Open Society Justice Initiative linatulutsa lipoti lotchula anthu 136 omwe anadutsa munjira imeneyi ndi maiko 54 omwe anathandizapo, ena pogwira anthu, ena polola ndege kutera, ena popereka nyumba. Malawi, Zimbabwe, South Africa ndi Kenya ali pamndandandawo. A ku Guantanamo ndi gulu lina, chiwerengero chawo chili m'munsimu.

Ankawapititsa kuti?

Malo anali amitundu itatu. Ena ankaperekedwa kumaiko odziwika kale kuti ndende zawo ndi zankhanza monga Egypt, Syria, Jordan ndi Morocco, kuti akawafunse mafunso m'malo mwa America. Ena ankasungidwa ndi CIA yeniyeniyo m'ndende zachinsinsi ku Thailand, Poland, Romania, Lithuania ndi Afghanistan. Ndipo ena ambiri anali m'manja mwa asilikali, ku Bagram ku Afghanistan komanso ku Guantanamo. Munthu mmodzi ankatha kuzungulira malo anayi kapena asanu osadziwa ngakhale dziko lomwe ali.

Nanga bwanji ndende ya America ili ku Cuba?

America yakhala ikubwereka kadera ka Guantanamo Bay kuyambira 1903 ndipo ili ndi kampu ya asilikali apamadzi kumeneko, boma la Cuba silifuna koma lilibe mphamvu zowachotsa. Maloya a boma la Bush anasankha malowa dala, ankati poti si nthaka ya America makhothi a America sangalowererepo, ndipo a Cuba nawo sangafikeko. Akaidi oyamba anafika pa 11 January 2002, aja munawaona pazithunzi atavala zaolenji atagwada m'mipanda ya waya. Onse amene anadutsako ndi pafupifupi 780, onse amuna achisilamu.

Ankawatchula kuti ndi adani omenya nkhondo mosatsata malamulo, kuti asawerengedwe ngati akaidi ankhondo otetezedwa ndi mapangano a Geneva komanso asawerengedwe ngati oganiziridwa mlandu wamba. Khothi lalikulu la America linakana maganizo amenewa kangapo, mu 2004, mu 2006, ndipo mu 2008 pamlandu wa Boumediene linati akaidiwa ali ndi ufulu wofunsa jaji chifukwa chomwe akusungidwira. Koma apa nkuti ena atakhala kale zaka sikisi.

Kodi ankawachita chani? Kapena ndi kukokomeza chabe?

Sikukokomeza ayi, ndipo zambiri zomwe tikudziwa zinalembedwa ndi a CIA eniake. Mu December 2014 komiti ya Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo za America, motsogozedwa ndi mayi Dianne Feinstein inatulutsa chidule cha masamba pafupifupi 500 cha lipoti la masamba oposa 6,000, lotsalalo ndi lachinsinsi mpaka pano. Lipotilo likuti CIA inasunga anthu 119, ndipo 39 mwa iwo anawachita zomwe boma linkazitcha njira zowonjezera zofunsira mafunso.

Njirazo ndi izi: kumumana munthu tulo mpaka maola 180 ataimirira manja atamangidwa m'mwamba, kumumenyetsa kukhoma, kumutsekera mubokosi longa lamaliro kapena laling'ono kuposa pamenepo, kumusiya maliseche m'chipinda chozizira, nyimbo zaphokoso usana ndi usiku mumdima, kumuopseza kuti akapha kapena kugwirira mayi ake, ndi kumulowetsa chakudya chogaya kudzera kotulukira chimbudzi popanda chifukwa chachipatala. Yodziwika kwambiri ndi waterboarding, amamugoneka munthu chagada pathabwa mutu uli mmunsi, kumuphimba nsalu kumaso nkumathira madzi mpaka thupi limve kuti likumira. Mwa omwe ankawaganizira za al-Qaeda, Abu Zubaydah anamuchita zimenezi ka 83 mu August 2002, Khalid Sheikh Mohammed ka 183 mu March 2003. Munthu wina dzina lake Gul Rahman anafa ndi kuzizira mu November 2002 mundende ya CIA pafupi ndi Kabul, atamumangirira pasimenti wopanda buluku.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ine nchoti izi sizinali za msilikali mmodzi wopsa mtima. Panali akatswiri awiri a zamaganizo, James Mitchell ndi Bruce Jessen, omwe anakonza ndondomekoyi ndipo kampani yawo inalandira madola 81 miliyoni, panali maloya a boma John Yoo ndi Jay Bybee omwe mu August 2002 analemba kuti zimenezi nzololedwa, panalinso madokotala oimirira pambali kuonetsetsa kuti munthu asafe kuti mawa apitirize. Mu 2005 CIA inaononga matepi 92 a vidiyo omwe anajambula ena mwa mafunsowa. Barack Obama mwini wake anavomera poyera mu 2014 kuti dziko lake linazunza anthu.

Malawi analowamo bwanji?

Mu June 2003 apolisi athu ndi akazitape a boma, mogwirizana ndi CIA, anagwira amuna asanu ku Blantyre usiku, awiri a ku Turkey, mmodzi wa ku Saudi Arabia, wina wa ku Sudan ndi wina wa ku Kenya. Anali anthu okhazikika muno, ena akugwira ntchito m'mabungwe achifundo ndi masukulu achisilamu, ndipo ankawaganizira kuti akudutsitsa ndalama za al-Qaeda. Maloya awo anathamangira ku High Court nkutenga chiletso choti asatulutsidwe m'dziko muno, jaji analamulanso kuti boma liwabweretse kukhothi kapena liwamasule. Boma silinawabweretse. Anawakweza ndege mwachinsinsi chiletso chili chikhalire, nkuwapereka m'manja mwa anthu a America, anadutsa ku Harare ndipo patatha pafupifupi mwezi anakamasulidwa ku Sudan popanda mlandu uliwonse chifukwa umboni sunapezeke. Nthawi imeneyo pulezidenti anali a Bakili Muluzi, ndipo zinachitika kutatsala masabata ochepa kuti Bush abwere kudzayendera maiko a mu Africa mu July.

Asilamu ambiri anakwiya, ku Blantyre kunali zionetsero ndipo ku Mangochi zinafika poipa, matchalitchi anaphwanyidwa, maofesi a Save the Children anaonongedwa mpaka boma linatumiza asilikali. Kuphwanya matchalitchi kunali kulakwa kwakukulu, akhristu a ku Mangochi sanakweze munthu ndege. Koma tisaiwale pomwe moto unayambira. Khothi la Malawi linalankhula, boma la Malawi linasankha kumvera dziko lakunja, ndipo palibe mkulu aliyense yemwe analangidwa chifukwa chonyozera chigamulocho.

Palinso nkhani ina yosadziwika kwambiri. Laid Saidi, wa ku Algeria yemwe ankagwira ntchito ku Tanzania, anamubweretsa kumalire a Malawi mu May 2003, anasungidwa muno pafupifupi sabata imodzi kenako anamuulutsa kupita ku Afghanistan komwe anakhala miyezi 16 m'ndende zachinsinsi. Naye anamasulidwa opanda mlandu.

Nanga maiko oyandikana nafe?

Ku Zambia, Martin Mubanga yemwe ndi nzika ya Zambia komanso Britain anagwidwa mu 2002 nkutumizidwa ku Guantanamo, anabwezedwa ku Britain mu January 2005 osazengedwa mlandu. Ku South Africa zinayamba 2001 isanafike, Khalfan Khamis Mohamed wa ku Tanzania anagwidwa ku Cape Town mu 1999 pankhani ya bomba la ku ofesi ya kazembe wa America ku Dar es Salaam nkuperekedwa kwa FBI, apolisi ofufuza milandu a America, ndipo mu 2001 Constitutional Court ya dzikolo inagamula kuti boma linaphwanya malamulo pomupereka kudziko lomwe akanatha kunyongedwa. Ameneyu anapezekadi wolakwa ku New York ndipo ali kundende moyo wake wonse, komabe khothi linati njira yomwe anamutengera inali yolakwika, zinthu ziwirizi zimatheka pamodzi. Kenya nayo mu 2007 inakweza ndege anthu ambirimbiri kupita ku Somalia ndi Ethiopia, kuphatikizapo amayi ndi ana, ndipo mabomba a ku Kampala a 2010 atachitika inapereka nzika zake ku Uganda osadutsa kukhothi.

Koma si zigawenga zimenezi? Tiziwamvera chisoni chifukwa chani?

Funso limeneli ndi lomveka ndipo sindikulipeputsa. Uchigawenga ulipo ndithu, mabomba a pa 7 August 1998 ku Nairobi ndi Dar es Salaam anapha anthu 224 ndipo ambiri anali anthu akuda ngati ife omwe ankangodutsa kapena ali pantchito. Khalid Sheikh Mohammed amadzitama yekha kuti ndi amene anakonza za 11 September. Palibe akunena kuti anthu otere asiyidwe.

Vuto nloti khothi ukalichotsa palibenso wosiyanitsa wolakwa ndi wosalakwa, ukungodalira mawu a amene wagwirayo. Lipoti la Senate lija likuti anthu osachepera 26 mwa 119 aja sankayenera kugwidwa nkomwe. Khaled el-Masri, nzika ya Germany, anagwidwa ku Macedonia kumapeto kwa 2003 chifukwa dzina lake linkafanana ndi la munthu wina yemwe ankafunidwa, anamuzunza ku Afghanistan miyezi inayi, atazindikira kuti si iye anakamutaya pamsewu wakumudzi ku Albania usiku. Maher Arar, injiniya wa ku Canada, anamugwira pabwalo la ndege ku New York mu 2002 akubwerera kwawo, anamutumiza ku Syria komwe anakhala pafupifupi chaka, nthawi yambiri m'kachipinda konga manda akukwapulidwa ndi mawaya, ndipo boma la Canada litafufuza linapeza kuti analibe mlandu. A ku Guantanamo ambiri sanagwidwe ndi asilikali a America pankhondo, anachita kuperekedwa ndi anthu a ku Pakistan ndi Afghanistan nthawi yomwe America inkamwaza timapepala tolonjeza ndalama kwa aliyense wobweretsa munthu wa al-Qaeda kapena Taliban, nde mukudziwa zomwe zimachitika ndalama ikalowa pakati pa anthu osauka omwe ali ndi zidani zawo kale.

Amalawi sitifunika kuphunzitsidwa zimenezi ndi munthu wakunja. Nthawi ya Kamuzu mawu anali oti woukira boma, ukangopakidwa dzina limenelo unkapita ku Mikuyu kapena ku Dzaleka opanda mlandu, abale ako nkumaopa ngakhale kufunsa. A Orton ndi mayi Vera Chirwa anagwidwa mu December 1981 akuchokera ku Zambia, iwo ankanena kuti anachita kubedwa mbali ya Zambia, ndipo a Orton anafera kundende ya Zomba mu 1992. Nthawi imeneyonso anthu ankauzidwa kuti ndi zoteteza dziko.

Ngati bomba latsala pang'ono kuphulika, kumuzunza munthu sikungapulumutse anthu?

M'mafilimu zimatero. Akuluakulu ena a CIA mpaka lero amaumirira kuti njirazi zinathandiza, koma komiti ya Senate itafufuza nkhani 20 zomwe CIA inkanyadira, kuphatikizapo yopeza Osama bin Laden, inapeza kuti uthenga wofunikawo unali utapezeka kale kapena unachokera kwina. Ali Soufan wa FBI yemwe anayamba kumufunsa Abu Zubaydah mwaulemu ananena kuti munthuyo ankalankhula bwinobwino asanayambe kuzunzidwa.

Munthu amene akumva kuti akufa amanena chilichonse chomwe akuganiza kuti mukufuna kumva. Chitsanzo chopweteka ndi cha Ibn al-Sheikh al-Libi yemwe anatumizidwa ku Egypt, atazunzidwa ananena kuti boma la Saddam Hussein linkaphunzitsa al-Qaeda za zida za poizoni. Colin Powell, yemwe anali nduna yoona zakunja ya America, anagwiritsa ntchito mawu amenewa ku United Nations mu February 2003 pokopa maiko kuti alowe nkhondo ya ku Iraq, pambuyo pake munthuyo anati anangopeka kuti asiye kumuzunza. Nkhondoyo inapha anthu miyandamiyanda. Komanso umboni wopezeka pozunza khothi lenileni siliulandira, nchifukwa chake milandu ya olakwa enieniwo yakanika kuyenda, onani funso lomaliza.

Malamulo amati chani?

Pangano la United Nations loletsa kuzunza anthu la 1984 likunena momveka kuti palibe chifukwa chilichonse chololeza kuzunza, kaya nkhondo kaya chipwirikiti kaya walamulidwa ndi bwana wako, ndipo gawo 3 likuletsa kutumiza munthu kudziko komwe angakazunzidwe. America inavomereza panganoli mu 1994, Malawi mu 1996. M'malamulo athu oyendetsera dziko gawo 19 likuletsa kuzunza munthu, gawo 42 likuti wogwidwa auzidwe chifukwa chake, apeze loya, ndipo afikitsidwe kukhothi pasanathe maola 48. Ufuluwu ndi wa munthu aliyense yemwe ali m'Malawi, mlendo yemwe, nde anthu asanu a ku Blantyre aja anali nawo.

Alipo amene analangidwa?

Ochepa kwambiri, ndipo ndi ang'onoang'ono. Zithunzi za ku ndende ya Abu Ghraib ku Iraq zitatuluka mu 2004 asilikali 11 anapezeka olakwa, akuluakulu omwe anatsegula chitseko sanakhudzidwe. Kafukufuku wa boma la America pa CIA anatsekedwa mu 2012 popanda woimbidwa mlandu ngakhale pa imfa ya Gul Rahman. John Kiriakou, yemwe anali wa CIA ndipo analankhula poyera za waterboarding, ndi amene anapita kundende, pamlandu woulula dzina la kazitape mnzake.

Kunja kwa America zinayendako pang'ono. Khothi la ku Milan mu 2009 linapeza anthu 23 a ku America olakwa pakuba Abu Omar, mtsogoleri wachisilamu yemwe anamunyamula pamsewu masana mu February 2003 nkumupititsa ku Egypt, koma anaweruzidwa iwo kulibe ndipo Italy sinawaone m'ndende zake. Khothi la ufulu wa anthu la ku Europe linagamula motsutsa Macedonia mu 2012 pankhani ya el-Masri, Poland mu 2014, Romania ndi Lithuania mu 2018. Canada inapepesa Maher Arar mu 2007 nkumupatsa madola a ku Canada 10.5 miliyoni, Britain nayo mu 2018 inapepesa Abdel Hakim Belhaj ndi mkazi wake omwe anaperekedwa kwa Gaddafi mu 2004 mayiyo ali woyembekezera. El-Masri ndi Arar atayesa kusuma ku America milandu yawo inatayidwa, wa el-Masri ponena kuti ungaulule zinsinsi za boma.

Kodi ndi America yokha imachita izi?

Ayi. Tikuitchula kwambiri chifukwa zake zinalembedwa, atolankhani ake, maloya ake ndi aphungu ake ena anazikumba mpaka zinatuluka, ndipo paja maiko 54 aja anathandizira. Maboma ena amachita zoipa ngati zomwezi kapena kuposa koma kulibe komiti yolemba lipoti. Choipa china chomwe America inasiya nchoti boma lililonse lofuna kutseka pakamwa otsutsa linaphunzira kungowatcha zigawenga basi.

Guantanamo inatsekedwa?

Sinatsekedwe. Bush anamasula anthu oposa 500 nthawi yake isanathe. Obama anasayina mu January 2009 kuti ndende zachinsinsi za CIA zithe komanso Guantanamo itsekedwe pasanathe chaka, koma Congress, nyumba ya malamulo ya America, inaletsa kusamutsira akaidiwa ku America ndipo anachoka pampando atatsala 41. Donald Trump mu 2018 analamula kuti ikhale yotsegula, Joe Biden anachepetsa mpaka kumayambiriro kwa 2025 anatsala 15. Akaidi 9 anafera komweko. Mu 2019 zinawerengedwa kuti kusunga mkaidi mmodzi kumadya pafupifupi madola 13 miliyoni pachaka.

Omwe anamasulidwa si onse anabwerera kwawo, ena anakasiyidwa kumaiko komwe sadziwa chilankhulo ndipo alibe m'bale, monga anthu a mtundu wa Uyghur a ku China omwe ena anapita ku Albania, Bermuda ndi Palau, dzina loti wa ku Guantanamo likuwatsatabe pofuna ntchito kapena pasipoti. Mwa otsalawo muli Abu Zubaydah yemwe wasungidwa kuyambira March 2002 osaimbidwa mlandu uliwonse. Mlandu wa Khalid Sheikh Mohammed ndi anzake wakhala zaka zoposa khumi maloya akukangana ngati zomwe ananena atazunzidwa zingalandiridwe ngati umboni, mu 2024 anagwirizana zoti avomere mlandu kuti asanyongedwe koma nduna ya zachitetezo ya nthawiyo Lloyd Austin inathetsa mgwirizanowo patangotha masiku awiri nkhani nkubwereranso m'makhothi, ndipo abale a anthu omwe anafa pa 11 September adikira zaka zoposa 20 osaona chigamulo.